Kuteteza ganizo la bizinesi pamene pulogalamu yanu ikulembedwa kunja

Munthu akakhala ndi ganizo la bizinesi limene silingayende popanda pulogalamu ya pakompyuta kapena ya pafoni, ndipo akaona kuti akatswiri amene angakwanitse kuwalipira ali ku India, ku Philippines kapena ku China, mantha amene amayamba kumugwira ndi akuti akangowafotokozera zonse, iwo adzatola ganizolo n'kulisandutsa lawo. Mantha amenewa si opanda pake, koma pa zimene ndaona, si kumeneko kumene anthu ambiri amapwetekera. Kampani yolemba mapulogalamu ya ku Pune kapena ku Ahmedabad, mizinda ya ku India, imadya pa maola amene antchito ake agwira, ili ndi makasitomala ena ambiri, ndipo kawirikawiri ilibe chidwi chodzafunafuna alimi a ku Mchinji kapena amalonda a mu msika wa Limbe kuti iwagulitse chinthu chanu. Chimene anthu amataya ndi source code, yomwe ndi malemba enieni amene pulogalamu imamangidwa nawo, pamodzi ndi maakaunti ndi dzina la pa intaneti, ndipo amadzazindikira mochedwa kuti zonsezi zidalembetsedwa m'dzina la wolembayo.

Malangizowa ndawalemba potengera India, chifukwa ntchito zambiri zoterezi zimapita kumeneko ndipo malamulo ake ali ndi mbuna zingapo zimene mlendo saziona. Pofuna kuti nkhani ikhale ndi pogwira, tiyerekeze kuti mukufuna pulogalamu ya pafoni yosungira kaundula wa magulu a banki mkhonde, imene ilinso ndi njira yanuyanu yowerengetsera kuti membala aliyense angakongole ndalama zingati.

Zimene lamulo limateteza

Choyamba kuvomereza, ngakhale n'chowawa, ndi chakuti ganizo palokha lilibe mwini pamaso pa lamulo. Pangano la TRIPS, limene mayiko a m'bungwe la World Trade Organization amayendera kuyambira mu 1995, limanena m'ndime 9 kuti copyright, womwe ndi ufulu wa umwini wa zolembedwa, imateteza mmene chinthu chalembedwera, osati ganizo, njira yochitira zinthu kapena masamu amene ali kumbuyo kwake. Ndime 10 ya pangano lomwelo imaika mapulogalamu a pakompyuta m'gulu limodzi ndi mabuku pansi pa pangano la Berne, limene India adalowamo mu 1928 ndipo Malawi mu 1991. Tanthauzo lake n'lakuti wina akakopera source code yanu walakwira lamulo kuno ndi uko komwe, koma akangomva kuti mukupanga pulogalamu ya banki mkhonde, iye n'kulemba yake kuyambira pachiyambi, simungamuimbe mlandu wa copyright. Za patenti, chitetezo cha zinthu zatsopano zimene munthu watulukira, sindidzatayapo nthawi, popeza imafuna ndalama zambiri ndi zaka, ndipo ku India gawo 3(k) la lamulo la patenti la 1970 limakaniratu njira zochitira bizinesi ndi mapulogalamu a pakompyuta paokha.

Chimene chimakuthandizani ndi chitetezo cha zinsinsi za malonda. Ndime 39 ya TRIPS imati nkhani itetezedwe ngati ndi yachinsinsi, ngati phindu lake likuchokera pa kukhala yachinsinsiko, ndiponso ngati mwini wake adachitapo zoyenera kuti aisunge. Mfundo yachitatuyi ndi imene ili m'manja mwanu, ndipo ndi imene anthu amaiphwanya okha. Munthu amene watumiza chikalata chofotokoza zonse kwa makampani khumi ndi awiri pa imelo, popanda pangano lililonse, pofuna kuyerekeza mitengo, adzavutika kuuza woweruza kuti chinali chinsinsi. Ku India nkhaniyi n'njofunika kwambiri chifukwa dzikolo lilibe lamulo lapadera la zinsinsi za malonda, moti makhoti ake amayang'ana zimene mudagwirizana polemba komanso ngati munthu adaphwanya chikhulupiriro chimene adapatsidwa.

Choncho musanalankhule ndi aliyense, khalani pansi mulekanitse zinthu. Pali zimene aliyense adzaziona tsiku limene pulogalamu idzatuluke, monga kuti msungichuma amalemba masheya a sabata ndi sabata ndipo membala amalandira uthenga pafoni, ndipo izi mukhoza kuzifotokoza momasuka pofunsa mitengo. Palinso zimene wopikisana nanu sangazione ngakhale atagwiritsa ntchito pulogalamuyo chaka chathunthu, monga masamu owerengetsera ngongole, mndandanda wa magulu amene mwagwirizana nawo kale, ndi zimene mwapangana ndi mabungwe obwereketsa ndalama. Kampani yodziwa ntchito sifunika kuona zimenezi kuti ikuuzeni mtengo, ndipo ikaumirira, mwaphunzirapo kanthu za iyo.

Musanasainirane

Dziwani kaye kuti mukulankhula ndi ndani. Kampani iliyonse yolembetsedwa ku India ili ndi nambala yotchedwa CIN, ya zilembo ndi manambala 21, ndipo mukhoza kuifufuza pa webusaiti ya Ministry of Corporate Affairs kuti muone dzina lake lenileni, chaka chimene idalembetsedwa ndi mayina a oyendetsa. Dzina limenelo ndilo liyenera kukhala pa mgwirizano komanso pa akaunti ya kubanki imene mudzalipirako, chifukwa si zachilendo kupeza kuti dzina la pa webusaiti n'lina, la pa invoisi n'lina, ndipo ndalama zikupita kwa munthu wamba. Pemphani kuti muone pa vidiyo anthu enieni amene adzalembe pulogalamu, osati wotsatsa malonda yekha, ndipo funsani mosapita m'mbali ngati ali antchito a kampaniyo kapena aganyu. Kenako apatseni kantchito kakang'ono kolipidwa, ka masabata awiri, kamene kalibe chinsinsi chilichonse. Pa masabata awiriwo mudzaona mmene amayankhira mafunso, mmene amasungira nthawi, ndi mmene amachitira mukawauza kuti alakwitsa.

Pangano losunga chinsinsi, limene anthu amalitchula kuti NDA, lisainidwe musanatumize zamkati. Ma NDA ambiri amene amapezeka pa intaneti amangoletsa kuulula, pamene inu mukufunanso kuti winayo asagwiritse ntchito zimene wamva pa china chilichonse kupatula ntchito yanu, asakudumpheni n'kukalankhula ndi makasitomala kapena anzanu a bizinesi amene wawadziwira kwa inu, ndiponso abweze kapena kufufuta zonse ntchito ikatha. Tchulani mwachindunji zimene mukuzitcha chinsinsi, pakuti chiganizo chakuti zonse zimene tidzakambirane n'zachinsinsi chimaoneka champhamvu koma n'chovuta kuchiimira kukhoti. Pa chikalata chilichonse chimene mwatumiza lembanipo kuti n'chachinsinsi, ndipo sungani kaundula wa zimene mwatumiza, tsiku lake ndi amene walandira. Ngati ntchito ikupita ku China, maloya a kumeneko amalangiza pangano lotchedwa NNN, loletsa kuulula, kugwiritsa ntchito ndi kudumpha mwini, lolembedwa m'Chitchaina ndiponso loyendera malamulo a dzikolo.

Pali ndime ina imene anthu amaikonda, yoletsa kampaniyo kugwirira ntchito wopikisana nanu kwa zaka zingapo ntchito yanu ikatha. Ku India musaidalire. Gawo 27 la Indian Contract Act ya 1872 limati pangano loletsa munthu kuchita ntchito kapena malonda ake n'lopanda mphamvu, ndipo makhoti a kumeneko kawirikawiri amakana kukakamiza chiletso chotere mgwirizano ukatha, ngakhale amalola chiletso cha nthawi imene ntchito ili mkati komanso udindo wosunga chinsinsi. Mphamvu zanu muziike pa ndime za chinsinsi, ndipo muonetsetse kuti zikufika kwa munthu aliyense amene adzakhudze ntchitoyo. Mu 2002, munthu amene adagwirapo ntchito ku Geometric Software Solutions, kampani ya ku India imene inkathandiza kulemba pulogalamu ya SolidWorks ya ku America, adagwidwa ku New Delhi akufuna kugulitsa source code ya pulogalamuyo pa madola 200,000 kwa munthu amene adapezeka kuti anali wapolisi wa FBI. Amene adayesa kugulitsa sanali eni kampani, anali wantchito amene adachoka. N'chifukwa chake mgwirizano wanu unene kuti kampaniyo ili ndi mapangano olembedwa ndi antchito ake onse, kuti singapereke ntchito yanu kwa wina popanda chilolezo chanu cholembedwa, ndiponso kuti idzayankha pa zimene antchito ndi aganyu ake achita.

Ndime ya umwini

Apa ndi pamene muyenera kuwerenga pang'onopang'ono. Anthu ambiri amaganiza kuti popeza alipira, pulogalamu ndi yawo, monga mmene tebulo limakhalira lako ukalipira kalipentala. Malamulo a copyright sayenda choncho. Ku India, gawo 17 la Copyright Act ya 1957 limapereka umwini woyamba kwa wolemba, kapena kwa womulemba ntchito ngati ndi wantchito wokhazikika, kotero kuti kampani imene mwaipatsa ntchito ndiyo mwini wa source code mpaka itasamutsira umwiniwo kwa inu. Ku China nakonso, ndi ku Philippines komwe, copyright ya ntchito yoitanitsa imatsala kwa woipanga pokhapokha ngati mgwirizano wanena zina.

Gawo 19 la lamulo la ku India lomwelo ndi limene limakola alendo. Limafuna kuti kusamutsa umwini kulembedwe ndi kusainidwa ndi wosamutsayo, ndipo limawonjezera mfundo zitatu zimene zimalowa zokha mgwirizano ukakhala chete. Mukapanda kutchula nthawi, lamulo limati umwini mwapatsidwa kwa zaka zisanu zokha. Mukapanda kutchula malo, limati umwiniwo ukugwira ntchito m'dziko la India mokha. Ndipo mukapanda kugwiritsa ntchito ufuluwo m'chaka chimodzi, kusamutsako kumatengedwa kuti kwatha mphamvu, pokhapokha ngati mudalemba kuti zisatero. Taganizirani munthu wa ku Zomba amene walipira zonse, n'kusainirana chiganizo chimodzi chakuti pulogalamu idzakhala ya kasitomala, osadziwa kuti pa kawerengedwe ka lamuloli wagula umwini wa zaka zisanu m'dziko limene sadzagulitsako kanthu. Ndime yanu inene momveka kuti kampaniyo ikusamutsa tsopano, osati kulonjeza kudzasamutsa, umwini wonse wa source code, zojambula, kapangidwe ka database (mmene pulogalamu imasungiramo mbiri zonse) ndi zolemba zofotokoza ntchito, kwa nthawi yonse imene copyright idzakhalepo, padziko lonse lapansi, ndipo itchulenso kuti gawo 19(4), la chaka chimodzi lija, siligwira ntchito pa mgwirizanowu.

Chenjeraninso ndi mapepala a mgwirizano otengedwa pa mawebusaiti a ku America, amene amadalira mawu akuti work made for hire. Mawuwa ndi a lamulo la kumeneko, ndipo ngakhale kwawo komweko, kwa munthu amene si wantchito wokhazikika, amangogwira pa mitundu isanu ndi inayi ya ntchito yotchulidwa m'lamulo. Ndalama imene mungapereke kwa loya wa ku India kuti awerenge mgwirizano wanu, n'kukuuzaninso za msonkho wa stamp duty umene umafunika kuti chikalata chilandiridwe ngati umboni kukhoti la kumeneko, ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa ntchito yonse.

Palibe kampani imene imalemba chilichonse kuyambira pachiyambi. Idzabwera ndi zidutswa zimene idalemba kale, monga zolowetsera anthu mu akaunti kapena zotumizira mauthenga, ndipo sidzakupatsani umwini wa zimenezo chifukwa imazigwiritsa ntchito kwa makasitomala ena. Zimenezi n'zachilungamo, malinga zidutswazo zatchulidwa mayina pa mndandanda, ndipo mwapatsidwa chilolezo chosatha, chosalandidwa, chozigwiritsa ntchito, kuzisintha ndi kuzisamutsa tsiku limene mudzagulitse bizinesi. Chimodzimodzi ndi mapulogalamu a open source, amene source code yake imaperekedwa poyera kuti aliyense aigwiritse ntchito. Amene ali pansi pa laisensi ya MIT kapena Apache savuta, koma laisensi ya GPL imafuna kuti mukagawa pulogalamu yomangidwa pa iyo mupereke source code yake pa mfundo zomwezo, ndipo ya AGPL imafika ngakhale pa pulogalamu imene anthu amangoigwiritsa ntchito kudzera pa intaneti. Lembani kuti malaisensi awiriwa asalowe m'ntchito yanu musanavomereze.

Kampani zambiri zimalemba kuti umwini udzasamuka malipiro onse akatha, ndipo ngakhale pa Upwork, webusaiti yopezerapo aganyu a pa intaneti, ngati simudalembe zanuzanu, mfundo zake zimati ntchito imakhala yanu wolembayo akalandira malipiro ake. Kwa munthu wolipira kuchokera ku Malawi, ndime imeneyi ili ndi minga. Madola savuta kulonjeza koma amavuta kupeza kubanki, ndipo amene adasainirana mgwirizano wa madola kwacha isanagwetsedwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 adaona ngongole yawo ikukwera usiku umodzi. Gawani ntchito m'zigawo zing'onozing'ono, chilichonse ndi mtengo wake, ndipo mulembe kuti umwini wa chigawo chilichonse umasamuka chigawocho chikalipidwa. Pemphaninso masiku owonjezera a malipiro ochedwa chifukwa cha banki, ndi ndime yoletsa kampaniyo kutseka pulogalamu imene ikugwira kale ntchito pa nthawi imene mukukambirana.

Makiyi akhale kwa inu

Zonse zimene ndanena pamwambapa ndi mapepala, ndipo pepala limafuna khoti kuti likhale ndi mano. Chimene sichifuna khoti ndi kukhala ndi makiyi. Mnzanga wina wa ku Lilongwe adabwera ku ofesi kwanga Lachisanu lina madzulo, laputopu ili m'manja, n'kuitsegula asanakhale n'komwe pampando. Adalemba adiresi ya webusaiti yake kawiri, kachitatu akuitchula mokweza chilembo ndi chilembo, koma tsamba lidangotuluka loyera. Pafoni pake panali uthenga waulemu kwambiri wochokera kwa amene adamulembera pulogalamu, wonena kuti ntchito yaimitsidwa kaye mpaka invoisi yomaliza italipidwa, pamene fomu yake yopempha madola inali itagona kubanki masabata atatu. Titafufuza tidapeza kuti dzina la webusaiti lidagulidwa ndi imelo ya wolembayo, seva, kompyuta imene pulogalamu imakhalapo kuti ipezeke pa intaneti, inali pa akaunti ya wolembayo, ndipo source code mnzangayo anali asanaionepo ndi maso. Mgwirizano anali nawo, wosainidwa bwino, m'chikwama. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Ntchito yopewa zimenezi ndi ya tsiku limodzi, ndipo ichitike wolemba asanalembe mzere woyamba. Gulani nokha domain, lomwe ndi dzina la webusaiti, m'dzina la kampani yanu, ndipo mutsegule imelo ya kampani imene inu nokha muli ndi pasiwedi yake, chifukwa maakaunti ena onse adzakoleka pa imelo imeneyo. Tsegulani akaunti ya bungwe pa GitHub kapena GitLab, mawebusaiti okhala ndi nkhokwe zosungira source code, inu mukhale mwini wake, ndipo olembawo muwaitane ngati mamembala ololedwa kuika ntchito koma osaloledwa kufufuta nkhokwe kapena kuisamutsa. Mu mgwirizano mulembe kuti ntchito iziikidwa m'nkhokwe imeneyo tsiku lililonse logwira ntchito, ndiponso kuti chimene sichili mmenemo sichiwerengedwa kuti chaperekedwa. Seva, kaya ndi ya Amazon Web Services, Google Cloud kapena Microsoft Azure, itsegulidwe ndi khadi yanu, akaunti yaikulu muisunge nokha, ndipo wolemba aliyense mumupatse akaunti yakeyake ya mphamvu zochepa, kuti akachoka muzitseka iyeyo yekha. Pa maakaunti onsewa ikani chitetezo cha masitepe awiri cholumikizidwa ku foni yanu.

Ngati ndi pulogalamu ya pafoni, akaunti ya Google Play Console imalipidwa madola 25 kamodzi kokha, ya Apple Developer Program madola 99 pachaka, ndipo onse awiri amafuna nambala ya D-U-N-S, yozindikiritsa bizinesi, kwa amene akulembetsa ngati kampani. Nambalayi imatenga masiku kuti ituluke, ndipo apa ndi pamene wolemba amanena mokoma mtima kuti tiyambe taika pa akaunti yathu, tidzasamutsa bwino lino. Kanani, dikirani nambalayo. Funsaninso za kiyi yosainira pulogalamu ya Android, kafayilo kakang'ono kamene kamatsimikizira Google kuti zosintha zatsopano zikuchokera kwa mwini weniweni, ndipo muonetsetse kuti kafayiloko ndi pasiwedi yake zili kwa inu. Makiyi enieni olumikizira ku Airtel Money kapena TNM Mpamba asapite kunja pa nthawi yolemba ndi kuyesa, popeza pa ntchito imeneyo makiyi oyeserera amakwanira.

Kukhala ndi source code m'nkhokwe yanu sikutsimikizira kuti ndi yathunthu. Pakatha chigawo chachikulu chilichonse, lipirani katswiri wina wosagwirizana ndi kampaniyo, ngakhale wachinyamata amene wamaliza maphunziro a kompyuta ku MUBAS kapena ku MUST, kuti atenge zimene zili m'nkhokwe, aziike pa kompyuta yatsopano, n'kumanga pulogalamu yonse potsatira malangizo olembedwa okha, osafunsa aliyense. Ikakana kuyenda, ndiye kuti pali chidutswa chimene chatsala pa kompyuta ya munthu wina, ndipo chigawocho chisalipidwe mpaka chidutswacho chitapezeka.

Nanga masamu a ngongole aja? Njira yabwino ndi yakuti asachoke n'komwe. Gawo limenelo likhoza kulembedwa padera, ndi inu kapena ndi munthu mmodzi wodalirika wapafupi, n'kuikidwa pa seva yakeyake, kuti pulogalamu yaikulu izingotumiza funso n'kulandira yankho kudzera pa chimene akatswiri amachitcha API. Olemba a kunja adzadziwa kuti akatumiza nambala ya membala amalandira kuchuluka kwa ngongole, koma sadzaona mmene chiwerengerocho chapezekera. Musapitirire muyeso pogawa ntchito, pakuti pulogalamu yolembedwa ndi magulu anayi osadziwana imadzakhala yodula ndi yosagwirana, ndipo wolemba amene sakumvetsa cholinga cha ntchito amalemba zolakwika. Kubisa chinthu chimodzi kapena ziwiri n'kokwanira. Mayina, manambala a foni ndi ngongole za mamembala enieni nazonso zisatumizidwe kukayesera pulogalamu. Pangani mayina ongopeka, chifukwa lamulo la Data Protection Act la 2024, limene MACRA imayang'anira, lili ndi mfundo zokhudza kutumiza kunja mbiri za anthu, ndipo wodzayankha ndinu. Onjezeraninso ndime yokhudza zida za AI. Mu 2023 kampani ya Samsung idaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito ChatGPT pa makompyuta a kuntchito atapezeka kuti ena adaikamo source code yachinsinsi, ndipo wolemba wanu akhoza kuchita zomwezo popanda cholinga choipa, pongofuna kufulumira.

Zikavuta

Loya wa kuno, mwachizolowezi, adzalemba kuti mikangano idzaweruzidwa ndi makhoti a Malawi. Zimamveka zotonthoza, koma chigamulo cha khoti la ku Blantyre sichingakakamize chokha kampani imene katundu wake yense ali ku Pune, ndipo mudzayenera kukayambanso nkhani kumeneko. Njira imene amalonda a pakati pa mayiko amatsata ndi arbitration, pamene mbali ziwiri zimavomerezana pasadakhale kuti mkangano udzagamulidwa ndi woweruza wapadera osati khoti. Pangano la New York la 1958 limachititsa kuti zigamulo zoterezi zilemekezedwe m'mayiko oposa 160, ndipo Malawi adalowamo mu 2021. India alimo kuyambira mu 1960, koma amangokakamiza zigamulo zoperekedwa m'mayiko amene boma lake lidawalengeza, ndipo Singapore ndi United Kingdom ali pa mndandanda umenewo, chimene n'chifukwa china mapangano ambiri ndi makampani a ku India amatchula Singapore International Arbitration Centre. Bungwe la WIPO ku Geneva, loona za copyright, patenti ndi zizindikiro za malonda padziko lonse, lilinso ndi likulu lothetsera mikangano ya mtundu umenewu. Lembani kuti woweruza adzakhala mmodzi, chilankhulo chidzakhala Chingerezi, zokambirana zikhoza kuchitika pa vidiyo, ndiponso kuti muli ndi ufulu wopita kukhoti la kwawo kwa kampaniyo kukapempha chiletso chamsanga ngati chinsinsi chikutuluka.

Ndinene chilungamo pano. Pa ntchito ya madola zikwi zochepa, mtengo wa arbitration ukhoza kuposa ntchito yonse, ndipo winayo amadziwa zimenezi. Ndimeyi muilembe ndithu, chifukwa kampani yosamala mbiri yake imaopa kalata ya loya wa mumzinda mwake, koma musaiyese mpanda wanu weniweni.

Dzina la pulogalamu mulilembetse ngati chizindikiro cha malonda musanalitchule kwa anthu ambiri, popeza source code ina ikhoza kulembedwa koma dzina limene amayi a banki mkhonde alizolowera silisinthika msanga. Ku Malawi nkhaniyi imayendera Trademarks Act ya 2018, ndipo ngati mukufuna kudzalowa m'mayiko ena pali njira ya ARIPO, bungwe la ku Harare lolembetsa zizindikiro m'mayiko ena a mu Africa, pansi pa pangano la Banjul, komanso ya Madrid, yolembetsera dzina m'mayiko ambiri nthawi imodzi, imene Malawi adalowamo m'chaka chomwecho cha 2018. Zizindikiro zimalembetsedwa m'magulu, ndipo pa chitsanzo chathu ofunika ndi gulu 9 la mapulogalamu, 36 la zachuma ndi 42 la ntchito za pakompyuta. Ku China mwini wa dzina kawirikawiri ndi amene wayamba kulembetsa, choncho ngati olemba anu ali kumeneko, mgwirizano uwaletse kulembetsa dzina lanu kapena lofanana nalo kwina kulikonse.

Tsiku lomaliza ntchito likonzedwe ngati tsiku losamuka m'nyumba ya lendi. Sungani gawo lomaliza la malipiro, kaya ndi 10 kapena 15 peresenti monga mwagwirizanira, mpaka katswiri wapadera uja atamanganso pulogalamu komaliza, zolemba zofotokoza ntchito zitaperekedwa, ndipo kampaniyo itasaina chikalata chachifupi chotsimikizira kuti umwini wonse wasamuka ndi kuti yafufuta makope ake. Chikalatachi mudzachifuna tsiku limene wina adzafune kuika ndalama mu bizinesi yanu, chifukwa funso lake loyamba lidzakhala lakuti source code ndi ya yani. Mukatero lowani m'maakaunti mmodzimmodzi, muchotse mamembala onse a kunja pa GitHub ndi pa seva, musinthe mapasiwedi a database ndi a imelo, mutulutse makiyi atsopano a API n'kuthetsa akale, ndipo muyang'ane bwino ngati pa akaunti iliyonse imelo ndi nambala ya foni yobwezeretsera pasiwedi ndi zanu. Ngati mudzafunabe kampani yomweyo pa ntchito yokonza zovuta mwezi ndi mwezi, lembani mgwirizano wina waufupi, ndipo muwatsegulire maakaunti atsopano okhala ndi mphamvu zokwanira ntchito yokonzayo basi.